Masekondi Makumi Awiri

Nyale yakale inafa Lachiwiri,
ili m'kamwa mwa mayi wa ku Khombedza.
Kafani kake kanakhosomola kawiri,
kenako zii. Babu lapsa.
Mayiyo ndinamumata zongoyembekezera,
ndinati abwerenso mwezi ukatha.
Sanabwere.

Tsono ndinakhala ndi mapepala atatu a ogulitsa ku Lilongwe
ndi ndalama zokwanira nyale imodzi.
Ina inali ya chingwe, yotsika mtengo,
koma kuno ku Salima magetsi amachoka osatsazika
ndipo dzino lotsegula silidikira jenereta.
Ina inali yonyezimira ngati foni ya bwana,
yolonjeza kuumitsa m'masekondi atatu.
Ndinaiopa. Moto wachangu ndimaudziwa,
ndipo m'kati mwa dzino muli kanyama kamoyo
kamene kakapsa kamadikira usiku kuti kalire.
Ndinasankha ya batire,
ya khosi lopindika lofika mpaka dzino la kumapeto.
Esinati anati ikuoneka ngati mswachi wonenepa.

Tisanailowetse m'kamwa mwa munthu
tinaiyesa pa tebulo:
kaphala koyera m'kachibowo, kuwalitsa, kutembenuza,
kukanda kunsi ndi kampeni.
Nyale yofooka ndi yabodza.
Imaumitsa pamwamba kuti gwa,
pansi n'kusiya phala,
ngati dothi la m'dambo la Lifuwu mvula itangotha kumene,
limene umalikhulupirira mpaka utaponda.

Lero wabwera Jafali wa kabaza,
uja amaima pa Kamuzu Road pafupi ndi ogulitsa mbatata.
Anagwa pozemba mbuzi,
dzino la kutsogolo n'kubenthuka pakati.
Akulankhula dzanja lili pakamwa.
"Ingozulani, adokotala, ndikagwire ntchito."
Onse amatero.
Anazolowera kuti pa mpando uwu
munthu amasiyapo chake n'kupita ataluma thonje.
Ndati ayi, tsamira, ili tilimanga.

Ndatsuka, ndaumitsa, thonje uku ndi uku,
pakuti malovu ndi mdani wa ntchitoyi.
Phala pang'ono, lisakhuthale kuposa njere ya mpunga.
Waphuma amathira lonse kamodzi,
kuwala n'kuthera m'njira.
Esinati wagwira kachishango ka mtundu wa lalanje.
"Tsinzina, Jafali."
Ndasendeza mlomo wa nyale pafupi, pafupi ndithu,
wolunjika, osapendekeka,
chala changa chitatsamira pa chibwano chake.

Buluu.
Lilime buluu, thonje buluu, magolovesi anga buluu.
Masekondi makumi awiri.
Panja wina akukangana ndi mlonda za njinga,
mwana akulira ku chipinda cha jekeseni,
koma dzanja langa lisamve zimenezo.
Likangoterereka pang'ono, kuwala kugwera pa usinini,
ndipo pakatha miyezi itatu munthu adzabwera
chimene ndinamata chili m'thumba la malaya.

Pii.
Phala lina. Buluu. Pii.
Kanayi konse.

Ndapala, ndasalaza, ndamupatsa galasi.
Wayang'ana nthawi yaitali.
Wayendetsa lilime, wafunafuna pamene panali mpata,
wagogoda ndi chikhadabo ngati akugula mphika.
"Nanga mzere uli pati?"
Palibe.
"Ndingadye nzimbe?"
Ndi mano a m'mbali, iwe, usandichititse manyazi.
Waseka, dzanja lili pa bondo.

Atatuluka ndapukuta mlomo wa nyale,
chifukwa kaphala kakaumirapo kamaba kuwala
ndipo palibe amene angaone ndi maso.
Ndaiika pa chaja. Magetsi apita kale.
Timizere ta batire tatsala titatu,
pa benchi pali anthu khumi ndi mmodzi,
ambiri a iwo agwira tsaya.
Ndasuzumira pakhomo, ndawerenga nkhope imodzi imodzi.
Mayi wa ku Khombedza palibe.

"Wotsatira," watero Esinati.