Mchere wa M'dzina

Ku nyumba yosungira mabuku akale ku Lons
anandiveka magolovesi oyera
nandipatsa kaundula wonunkha chinyontho.

Chaka cha 1643, inki yofiirira:
khanda Anatoile, lobatizidwa Lachitatu,
bambo wake Saunier,
ndiko kuti wophika mchere.
Kulemba sankadziwa. Anangojambula mtanda wopendekeka.

Ndikumuona usiku pachiwaya chachikulu ngati chipinda,
akusonkhezera nkhuni za paini,
madzi a pansi pa phiri akubwadamuka mpaka kuyera mbee,
zikhatho zili ming'alu yokhayokha.
Mcherewo unkapita pangolo kwa eni chuma.
Iye anatsala ndi dzina.

Patadutsa mibadwo itatu, wansembe wina wokonda kukometsera
anatsomekamo chilembo l.
Saulnier.
Mpaka lero sitichitchula,
changokhala pakatipo ngati mlendo wamanyazi paukwati.

Mmodzi anakwera chombo ku La Rochelle.
Kutsidyako kalaliki anamva Sonier, nalemba zomwe anamvazo.
Zidzukulu zake zimanditumizira khadi pa Khirisimasi,
dzina lathu litaguluka mano.

Wina ali pachipilala cha nkhondo pabwalo la tchalitchi,
pansi pa Roz, pamwamba pa Vuillet,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Madzulo ndinakaona bambo.
Adokotala anawaletsa mchere chaka chatha;
amamwa supu wosakolera, akung'ung'udza.
Nditawafotokozera, anaika supuni pansi,
kuyang'ana zikhatho zawo zosalala za mphunzitsi,
kenako n'kunong'ona kuti namwino asamve:
Ombeline, zaka mazana anayi tikuphikira ena.
Tandithirirako pang'ono.