Wotsuka Mbale za Dotora Kamphinda

Ntchito yanga inali kutsuka mbale.
Osati za kunyumba ayi:
timbale tagalasi, ta zivundikiro,
tosadyeramo munthu,
todyeramo zimene maso saona.
Zaka zisanu ndi zinayi ku Ulongwe,
m'chipinda cha kumapeto kwa khonde
kumene fungo la sipiriti limakuchingamira pakhomo.

Dotora Lurdesi Kamphinda ankaweta chuku
monga ena aweta nkhunda.
Kuchidyetsa, kuchifunditsa, kuchilembera tsiku,
m'mawa n'kuwerenga madontho, milomo ikugwedera:
lobiriwira ili ndi la mtedza wa ku Domwe,
lakuda ili ndi la m'nkhokwe ya ku Tsangano.
Ndikatsokomola ankasokonezeka
n'kuyambiranso, osandicheukira.

Magetsi atazima masiku atatu, dzuwa la Okutobala,
tinakulunga timabotolo m'chitenje
kukapempha malo mufiriji ya Bonifasiyo wa pabala,
mwini jenereta.
Thukuta la zaka ziwiri
linagona pakati pa mabotolo a mowa,
Dotora atakhala pa kireti mpaka tambala.

Kabotolo kena anakalemba U-17.
Ine ndikudziwa mwini wake:
ndi thobwa la mayi Zelifa a pasiteji.
Atauzidwa kuti m'chidebe mwawo muli tizilombo tabwino,
towawasitsa, topitikitsa toipa,
anati, "Musanene mokweza, makasitomala angathawe.
Ndipo botolo langa mubweze."

Zolemba zinatuluka m'Chingerezi
chimene ine ndimangochimva ngati mvula padenga.
Anandionetsa pafoni:
anthu mazana awiri ndi khumi ndi anayi
atchula dzina lake m'mabuku awo,
a ku Nairobi, a ku Brazil, ena kosatchulika.
Ndinafunsa ngati kutchulidwako kumalipira.
Anaseka mpaka kuvula magalasi.
Kenako analoza pansi penipeni pa tsamba,
tizilembo ngati nyerere:
Jenuwariyo Thawale, zikomo.
Chilembo chimodzi anaphonya osindikiza.
Ndinasunga pepalalo momwemo.

Kamodzi kokha ananena za bambo ake.
Tinkadikira mphika wophera tizilombo uzizire.
Anati mimba inatupa, maso anachita chikasu,
abale analozana zala pamaliro
mpaka lero sapatsana moto.
"Kaya unali mtedza, kaya chiyani,
sindidziwa, ndipo sindidzadziwa.
N'chifukwa chake ndimawerenga."

Loweruka tinkakwera njinga yamoto kupita m'misika.
Musawaze madzi pa mtedza pofuna kuswa.
Musayanike pa dothi.
Wonyala, wakuda, tayani.
Mayi wina anamuonetsa zala zong'ambika:
"Wouma umabaya, a Dotora. Zala ndi zanu?"
Sanayankhe.
Njira yonse yobwerera sanayankhule,
Lolemba anayamba kulemba makalata opempha makina oswera.
Anabwera awiri. Amodzi anafa chaka chomwecho.

Lero ali ku Beira, imvi zayamba.
Chipinda chija muli Anastansiya, wophunzira wake,
naye powerenga milomo imagwedera,
naye ana ake a sukulu atengera.
Ine maondo anandipumitsa.

Dzana ndinali pamsika wa Kalomwe, kumalire.
Mtsikana wina, sanakwane n'zaka khumi ndi zisanu zomwe,
ankasankha mtedza palichero,
wonyala akuponya m'kachitini.
Ndinati, ndigulitse wam'chitiniwo motchipa,
ndikapatse nkhuku.
Anakaniza ndi dzanja:
"Umenewu ngakhale nkhuku ayi, agogo.
Uli ndi chuku. Umadya chiwindi."
Ndinati, wakuuza ndani?
Anandiyang'ana ngati ndafunsa amene anamuuza kuti moto umawotcha.
"Aliyense amadziwa."

Ndinagula wabwinowo, mbale imodzi,
mameticali makumi atatu, osanenerera.
Pokwera minibasi ndinazindikira
kuti milomo yanga ikugwedera:

mazana awiri ndi khumi ndi asanu.