Tebulo la Pafupi ndi Khomo

Mabuku makumi asanu ndi limodzi
m'katoni momwe kale munali mafuta ophikira.
Kondakitala wa ku Bangwe akuti katoniyo ilipire mpando wake.
Ndalipira.
Tatsika tonse awiri pa Chichiri,
chiperoni chikutinyowetsa pang'onopang'ono
ngati munthu woopa kukuuza zoona kamodzi.

Andipatsa tebulo la pafupi ndi khomo,
pakati pa mnyamata wojambula ngwazi zouluka
ndi mayi wogulitsa samusa.
Pofika masana mayiyo watha mabeseni awiri.
Ine ndagulitsa mabuku atatu,
limodzi pa ngongole, kwa mlamu wanga.

Sabata yonseyi ndakhala ndikudzitsatsa
ngati tomato wa madzulo.
Ku wailesi mtolankhani anandifunsa
ngati bukuli lili ndi phunziro kwa achinyamata.
Linali patsogolo pake, likadali m'pulasitiki.
Ku Limbe magetsi anazima ndili pakati pa chiganizo,
ndinamaliza mutu wachinayi ndi tochi ya pafoni.
Anthu asanu ndi anayi anaomba m'manja;
mpaka lero sindidziwa
ngati ankaombera ine kapena jenereta.

"Asisi, la pafoni palibe? Mungonditumizira."
"Mainawa ndi enieni?"
"Koma zimapindulitsa zimenezi?"
Wina wabwera ndi lake lofotokopa, mizere yopendekeka,
akuti ndimusainire.
Ndasaina.
Ameneyu ndiye wawerenga mpaka kumapeto,
m'mphepete mwa tsamba lililonse akukangana nane ndi pensulo.

Kenaka atsikana atatu a ku Zingwangwa,
aliyense tepi yoyezera m'khosi,
choko kukhutu, mapini pakamwa:
avala ngati Bambo Kandoje, telala wa m'buku langa.
Akutsimphina mwendo wamanzere
monga momwe ndinalembera.
Akuseka, akujambulana, andikokera pakati pawo.
Ndamwetulira.
Sakudziwa kuti kutsimphinako ndinakuba kunyumba,
kuti tepi yeniyeniyo tinaiika m'bokosi
pamodzi ndi mwini wake,
ine maso ali gwa, osagwetsa msozi.

Cha m'ma folo koloko, holo ikuyamba kupungula,
wafika mayi wa ambulera yothyoka nthiti.
Sanafunse mtengo.
Watenga buku, wanyowetsa chala,
wapita molunjika pa tsamba 112
ngati munthu wolowa m'nyumba yoti anakhalamo.

"Apa mwanama," akutero.
"Makinawo sanapite ku mowa.
Ndinawagula ndine, Nasiyaya wa ku Chilomoni.
Anawasenza yekha kuchokera ku Ndirande, ndi mwendo womwewo.
Ankafuna fizi.
Amati mwana wake wamkazi wasankhidwa ku sekondale,
ndipo anandilumbiritsa kuti mwanayo asadzamve."

Ndafuna kumuuza kuti ndi nkhani yopeka chabe,
monga ndauzira aliyense sabata yonseyi.
Lilime lakana.

"Akadalipo," akutero, akubweza buku pamulu,
akuliwongola ndi chikhato kuti lifanane ndi anzake.
"Lamba yekha ndiye anaduka.
Mukafuna kudzawaona, mufunse pa chigayo."
Wagula samusa ziwiri, watuluka.

Kutsogolo akuitana dzina langa pa chimkuzamawu,
alilakwitsanso.
Ndi nthawi yanga yowerenga.
Ndinali nditapinda kale tsamba lomwelo,
chifukwa ndi limene anthu amalikonda,
pomwe Kandoje abwera usiku, manja lendelende,
mwana wake namutsekera chitseko.
Atsikana atatu aja akhala pamzere woyamba,
matepi awo ali m'khosi, akudikira.

Ndawerenga tsamba lina, lofotokoza za mvula.

Madzulo, pa siteji, phiri la Soche labisala m'nkhungu.
Ndawerenga otsala: makumi asanu ndi mphambu ziwiri,
lililonse lili ndi tsamba 112.
Kondakitala wina wayesa kunyamula katoni,
waitsitsa, wandiyang'ana.
"Mayi, mwaikamo njerwa?"

Ndalipiranso mipando iwiri.
Koma ya ku Bangwe ndaileka ipite.
Ndafunsa ya ku Chilomoni.