Khutu Lamanzere

Loweruka masana ku Mufakose
fumbi la pabwalo limalowa mpaka m'mano.
Pansi pa jakaranda wothothoka maluwa
madoda atatu akhalira makireti opanda mabotolo,
mkangano wapsa kale mpira usanaponyedwe.

A Msosa akuti wotchi yapha bezibolo.
Woponya si kondakitala wa kombi
woti azithamangitsidwa ndi masekondi.
Mlekeni apukute thukuta, aupotokole mpira m'manja,
amuyang'ane womenya mpaka mawondo alobodoke.

A Tichaona, ndi Chichewa chophunzira kwa akazi awo,
akuti iyayi, kale tinkachoka pano mdima utagwa,
makombi atatha,
wapansi mpaka ku Kambuzuma.
Wotchiyo yapulumutsa maukwati.

Basi dzina la Lazaro Kachingwe lagwa pakati
monga lichitira sabata ndi sabata.
Lazaro wamanzere, wowotcherera zitsulo ku Workington,
amene mpira wake unkaoneka ngati wa ulendo wa ku Norton
kenaka n'kukhotera pakhomo pako osaodira.
Ameneyo mukanamuikira wotchi? atero a Msosa.
Wotchiyo ikanaima yokha kuti ionerere.

Bambo anga ali chete.
Akhala chammbali, khutu lamanja kwa anzawo,
poti lamanzere analisiya pabwalo lomweli
chaka cha chilala chija,
atavala kapusi yansalu.
Lazaro anabwera ku Gomo ndi malalanje asanu,
anakhala kumiyendo kwa bedi osasenda n'limodzi lomwe.
Kuyambira pamenepo mpira wake unkadutsa kutali ndi munthu,
ndipo anthu anati watha.

Nanga inu a Chikadza, zipewa zolimbazi?
Bambo aseka.
Akuti ana a lero amavala ngati akutsikira mumgodi,
ife tinkaima chilili, mutu uli pamtunda.
Akuti mpira wa Lazaro sanauone n'komwe,
anangomva kaphokoso ngati nsalu ikung'ambika,
ndipo mpaka lero palibe wina waponya wokoma chotero.

Woyimbira wakuwa.
Tiyese, mwana wanga, wanyamula chibonga
chotalika kufika m'chiuno mwake.
Bambo adzuka, kireti yagwa.
Amukodola ndi chala,
agogoda chipewa chake kawiri ngati chitseko cha eni,
achikankhira pansi kuti chiphimbe khutu bwinobwino,
akuchigwedeza, akuchigwedezanso.

Abwerera pamthunzi, adzutsa kireti.
Mumati bwanji za wotchi ija, a Msosa?
Bwerani mbali ino, ndimve.