Kusintha Mfumukazi

Anabwera nayo ataikulunga m'bulangete
ngati mwana wotentha thupi,
chipale chofewa chikadali pamapewa a jekete lake.
Ognyan Peychev, woweta njuchi wa ku Cherven:
ming'oma makumi asanu ndi itatu,
kompyuta imodzi.

"Mayi Yordanka, ikumachedwa kudzuka.
Ndikaiyatsa ndimakawiritsa khofi,
n'kumwa, n'kutsuka kapu,
pobwerera ndimaipeza ikudziwongolabe."

Ndinasuzumira m'kati.
Zaka khumi ndi chimodzi zili mbwee:
kaundula wa mng'oma uliwonse ndi matenda ake,
mayina a okongola uchi amene sanalipire,
zithunzi za ukwati wa mwana wake Temenuzhka,
fayilo yotchedwa "yatsopano",
ina "yatsopano yeniyeni",
ndi kapulogalamu kosindikizira mapepala omata pamabotolo,
komwe amene anakapanga anatseka kampani kalekale.

Ndinati, "Pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse yatopa.
Tiikamo ina.
Zanu zonse zitsala m'malo mwake."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Kunja, chombo chinalira pamtsinje wa Danube.
Kenaka anati, "Ndamva.
Mukusintha mfumukazi.
Malesa simuwakhudza, uchi simuutaya,
antchito ndi omwewo.
Koma mukudziwa kuti nthawi zina amamupha watsopanoyo?
Ine ndimayamba ndamutsekera m'kabokosi,
pakhomo n'kumatapo shuga,
azolowere kaye fungo lake."

Shuga ndilibe ine.
Ndili ndi disiki yakuda m'kabati.
Ndinakoperamo zonse, mpaka "yatsopano yeniyeni",
n'kuwerenga kawiri
pakuti dzanja lomwe linafufutapo zinthu za munthu
silikhulupiriranso diso limodzi.
Zaka zapitazo ndinatayitsa mphunzitsi wina makalata a mkazi wake.
Sanakalipe. Anangovala chipewa.

Sikirini inafunsa mosachita manyazi:
fufuta zonse,
kapena sunga mafayilo ndi mapulogalamu.
Mizere iwiri yoyandikana ngati zala.
Ndinamuuza asindikize yekha batani.
Chala chake, chotupa ndi mbola zakale,
chinayandama pamwamba pake,
chinatsika.

Khumi pa zana.
Makumi awiri.
Pa makumi atatu ndi chimodzi inangoti njii.
Tinamwa tiyi. Tinakamba za mtengo wa mafuta.
Nyali ya kudenga inaphethira kamodzi,
tonse tinasiya kupuma.
"Musatsegule mng'oma," anatero iye monong'ona,
"mukafulumira kusuzumira ndi pamene amalusa."
Ndinabweza dzanja.

Inazima. Inayaka. Inazimanso.
Mdima utagwira mazenera a sitolo
inatsegula maso, yoyera ngati mbale yotsuka,
ndipo Temenuzhka anali pomwepo ndi chophimba kumutu chake,
ngongole zonse zili zamoyo,
mng'oma wa nambala seveni ukadali ndi nthata zake za chaka chatha.

Kapulogalamu ka mabotolo kanakana kawiri.
Kachitatu kanalola, monyinyirika,
ngati wantchito wakale wolonjera bwana wachilendo.
Makina osindikizira okha ndiwo anaiwalika,
tinachita kuwadziwitsanso dzina.

Analipira theka ndi ndalama,
theka ndi botolo la uchi wa mpendadzuwa.
Anaikulunganso m'bulangete muja.

Patatha sabata, lamya:
"Zonse zilipo, mayi, palibe chasowa.
Koma kunali kauthenga kena kolakwika
kamene kankatuluka m'mawa uliwonse, n'kulira kuti ding'.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikukatseka osakawerenga.
Kapita kuti?"

Ndinati, kameneko ndiye kanali matendawo.

Anakhala chete.
Ndinamva supuni ikuzungulira m'kapu.
"Khofi sindikumamaliza tsopano," anatero,
"ikumadzuka ine ndisanakonzeke."