Liuma la Ngolo

Mabelo asanu ndi limodzi, zingwe ndamanga,
tambala wachiwiri sanalire kuno ku Chamama,
ngolo ili duu pabwalo ngati yamera mizu.
Kapitawo! Sitima! Tiyeni!
Goli likulira, ziboda zikupalasa fumbi,
ine phewa pa thayala,
Ndaziona kumbuyo ndi timanja take ta sukulu.
Kamodzi. Kawiri.
Kachitatu ngolo ikuvomera monyinyirika
ngati munthu wodzutsidwa kuti akabweze ngongole.

Ikangoyamba, basi.
Katundu yemwe uja, msewu womwe uja,
koma ng'ombe zayamba kubzikula zikuyenda,
ine ndakwera, likhweru pakamwa.
Kulemera kuja kwapita kuti?

Ndaziona akuti sikunapite.
Akuti aphunzitsi a Kamchitete analemba pa bolodi
kuti chokhala chimafuna kukhalabe,
choyenda chimafuna kuyendabe, osakhota,
mpaka china chichikankhe kapena chichikoke.
Ali ndi dzina lake m'Chingerezi.
Ine ndimangoti liuma.

Ndikumufunsa: nanga bwanji ndikamasula ng'ombe ngolo imaima?
Akuseka. Ababa, mchenga si mdani?
Ekiselo yanu yopanda girisiyo si mdani?
Amakoka mwakachetechete, simuwaona.
Atachoka onsewo, ngolo yanu ingakafike ku Zambia yokha.

Pa chitsetse cha ku dambo nkhani imatembenuka.
Apa ngolo ndiyo imakankha ng'ombe,
goli kukwera mpaka ku nyanga,
ine kukoka zingwe mpaka zikhatho kutentha.
Chaka chatha mbuzi ya kwa Mangwazu inadumphira mumsewu pomwepa.
Kapitawo anaima. Sitima anaima. Ngolo inaima.
Belo la pamwamba silinauzidwe.
Linapitiriza ulendo wake, kundidutsa pa khutu,
nkukagona m'matope, fodya wa miyezi isanu ndi inayi.
Ine ndinatsatira pambuyo pake, dzino limodzi linatsala komweko.
Ndinatukwana mbuzi sabata yathunthu.
Mwana akuti palibe chinandikankha,
vuto nlakuti panalibe chondigwira.

Tikudutsa pa nyumba ya Yotamu, mng'ono wanga.
Ali pa khonde kale, kapena sanachokepo.
Chibwerereni ku Joni ndi chikwama chimodzi
mvula yagwa katatu,
mpando wake wakumba timaenje tinayi m'dothi.
Ndamulalatira, mlamu walira, abusa abwera kawiri.
Aliyense amakankha mbali yake, tsiku lake,
ndipo ndikudziwa za ngolo:
wina akakankha kutsogolo wina kumbuyo
mumangotuluka thukuta pachabe.
Akukweza dzanja. Ndikukweza langa.

Koma ndisamuseke.
Ine ndinakankhidwa ndi bambo anga ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri,
anandipatsa khasu ndi nazale,
ndipo chiyambireni sindinakhote.
Mtengo ku Chinkhoma ugwe, ndifesa.
Feteleza akwere, ndifesa.
Ogula abweze mabelo, ndilumbira pamaso pa mkazi wanga kuti ndaleka,
Ogasiti akafika miyendo yanditengera yokha ku dimba
ndi ndowa m'manja.
Anzanga analowa soya kalekale.
Iye sangayambe, ine sindingaime,
mimba imodzi, liuma limodzi.

Lole ikudikira pa mphambano, injini ikutokota.
Anyamata akuponya mabelo m'mwamba, akuwerenga mokuwa.
Ngolo yopanda kanthu ndi yaulemu,
Ndaziona akuitembenuza yekha ndi dzanja limodzi.
Akuti, mwaona? Chopepuka sichikangana.

Pobwerera sindikuimba likhweru.
Ndikuwerenga anthu a m'banja mwathu pa zala:
ine, mlamu, mwana uyu, amalume a ku Wimbe.
Tikadakhala mbali imodzi tonse, m'mawa umodzi,
mapewa pa thayala limodzi.
Kamodzi. Kawiri.

Pa khonde paja mpando ulipo, mwiniwake ali kuseri.
Ndikuimitsa ng'ombe pang'onopang'ono,
ndayamba kukoka zingwe tikadali patali.