Mwendo Wachinayi

Kalavani ya a Gwatidzo yaima pa miyendo itatu
pabwalo lathu ku Msasa, kuseri kwa ogulitsa matayala.
Wachinayi waupinda m'mimba
ngati kakowa wozizidwa.
Madzi a m'kapu yomwe aiwala patebulo
apendekera cha ku Mabvuku.

Lachisanu akufuna akagone ku Nyanga.
"Ndi pampu," akutero, "gulani ina."
Aliyense wolowa pachipata ichi
amabwera atatcha kale dzina nthenda yake.

Ndaziona, mwana wa mlongo wanga, dina batani.
Pampu ing'ung'udza bwinobwino,
majeke atatu akankha nthaka mpaka chitsulo kulira,
winayo zii.
Dinanso.
Zii.

Tiyambe ndi batire, poti njala imabisala m'malaya.
Mita ikuti wakhuta.
Fyuzi ndaipenya padzuwa, kaulusi kake n'kamoyo.
Mafuta ofiira afika pamzere,
pansi palibe dontho ngakhale la mankhwala.

Ndiye ndigona chagada pakatoni,
fumbi la Okutobala m'mano,
maluwa a jakaranda akumatirira m'khosi.
Mavalavu anayi andandalika ngati ana a mimba imodzi,
iliyonse ndi koyilo yake.
Ndikhudzitsa sikuludiraiva pa yoyamba: yaikoka, kwapu!
Yachiwiri, yachitatu, chimodzimodzi.
Yachinayi yangoiyang'ana
monga kondakitala wa kombi ayang'anira munthu wopanda ndalama.

Wapsa koyilo? Tisafulumire kulira maliro.
Ndiibwereka mawaya a mnzake,
ndipo onani, mwendo uja wagwedezeka.
Wodwala si uyu ayi.
Nthenda ili m'njira.

Moto ukufika, mita yavomera.
Wachoka ku batire, wadutsa fyuzi, wadutsa swichi,
wayenda mamita asanu m'mphako za chesisi,
waima pakhomo, wati odi.
Nanga bwanji sulowa?

Ndaziona wasuzumira, tochi ya foni kumanja,
afunsa m'Chishona, ndimuyankha m'Chichewa,
umo ndi momwe timakhalira.
Ndikuti: tsata waya wakuda.
Moto sugwira ntchito pomwe suona njira yobwerera.

Chala chake chalondola, chalondola,
kuseri kwa thanki ya madzi, pamwamba pa ekiselo,
mpaka pa kabawuti kamodzi
kovala matope ouma a mseu wa ku Chirundu.
Wapala ndi chikhadabo.
Pansi pake dzimbiri, ndi ufa wobiriwira
wonga nkhungu ya pa buledi.
Waya wa ethi wangogwira ndi tsitsi ziwiri.

Akukwecha ndi sandipepa, ine ndili chigonere,
ndipo mawu anga omwe andibwerera m'khutu.
Bambo anachoka ku Ntcheu ndi bulangete limodzi,
nakathira mafuta sitima ku Lochinvar zaka makumi atatu.
Chaka chilichonse ankati, "Dzinja likatha tikupita."
Sutikesi inachita dzimbiri pamwamba pa kabati ku Rugare.
Agona ku Mbudzi, mzere wachisanu kuchokera ku mpanda.
Njira yobwerera analibe,
koma ntchito anagwira, mpaka zala kupindika.
Kapena lamulo la waya si la munthu.
Kapena ethi yawo tinali ife.
Sindidziwa. Patse sipanala ya teni.

Chitsulo chawala ngati ndalama yatsopano.
Tadula waya, tamanga mutu wina,
takhwimitsa, tapaka girisi.
Dina.

Khe!
Mwendo wachinayi utsika mwaulemu,
pang'onopang'ono, ngati mkamwini wolowa m'nyumba ya apongozi,
uponda njerwa, ukankha,
nyumba yonse iwongoka msana.

A Gwatidzo awerenga lisiti kawiri.
"Madola makumi awiri, kabawuti kamodzi?"
Ndaziona akupukuta manja pa ovolosi,
sanena kanthu, angoloza pazenera.

M'kapu muja
madzi agona mofanana mbali zonse.